Ndemanga: Ulendo wa Pabwato pa Mtsinje wa Tejo, Kuchokera ku Terreiro do Paço Kufika ku Belém

Mwa maulendo onse amene makampani a zokopa alendo amagulitsa mumzinda wa Lisbon ku Portugal, ulendo wa pabwato pa mtsinje wa Tejo ndiwo woyenera kwambiri munthu wokonda mbiri ya maulendo a panyanja, chifukwa umadutsa m'malo enieni amene zombo za Apwitikizi zinkakhomedwa, kupakiridwa katundu ndi kunyamukira polowera ku magombe a Africa, India ndi Brazil zaka zoposa 500 zapitazo. Ulendo umene ndikuunika pano ndi wa masana, umatenga pafupifupi maola awiri, ndipo m'bwatomo mumakhala munthu wofotokozera alendo zimene akuona. Bwato limanyamuka padoko la Terreiro do Paço, pakatikati pa mzinda, n'kutsika ndi mtsinje kulowera kumadzulo mpaka ku Belém, kenaka limatembenuka n'kubwerera motsata gombe la tsidya linalo. Ndinene poyambirira pomwe kuti ulendowu ndi wabwino ndipo ndikuulimbikitsa ndi mtima wonse, koma nkhani imene mlendo amamva m'bwatomo imafotokoza bwino za kunyamuka kwa zombozo n'kusiya pafupifupi zonse zokhudza anthu amene zinakawapeza kumene zinkapita.

Za bwato lenilenilo palibe zambiri zodandaula. Kukwera kunayenda mwadongosolo, tinanyamuka pa nthawi yake, ndipo ogwira ntchito anatisonyeza kumene kuli majekete oyandamitsa munthu pamadzi tisanachoke padoko. Pansi pali chipinda chotchingidwa ndi magalasi, pamwamba pali malo apoyera okhala ndi mabenchi, ndipo zimbudzi zinali zaukhondo. Amene akufuna kuona bwino akhale pamwamba, kudzanja lamanja potsika mtsinje, pakuti nyumba zonse zofunika zili kugombe la kumpoto.

Chifukwa chachikulu chokwerera bwatoli ndi mtsinjewo. Tejo ndiye mtsinje wautali kuposa yonse ya ku Spain ndi Portugal. Umachokera m'mapiri a kum'mawa kwa Spain, umadutsa ku Toledo, ndipo umayenda makilomita oposa 1,000 usanathire m'nyanja ya Atlantic. Ukamayandikira Lisbon umatambasuka n'kukhala thamanda lalikulu lotchedwa Mar da Palha, limene m'lifupi mwake limaposa makilomita 10, kenaka umapanikizikanso n'kukhala ngalande ya makilomita pafupifupi awiri isanafike kunyanja. Maonekedwe ake ali ngati chipanda, chachikulu kumimba koma chopapatiza kukhosi. Munthu akhoza kuona zimenezi pamapu, koma akakhala pakati pa madziwo ndi pamene amamvetsa chifukwa chake Lisbon anakhala doko la mphamvu chotero: m'katimo zombo zambirimbiri zinkatha kuponya anangula motetezeka ku namondwe, pomwe mdani aliyense wofuna kulowa ankayenera kudutsa pakhosi paja, pamaso pa mizinga ya mbali zonse ziwiri. Madzi a m'nyanja akamadzaza kapena kuphwera, mphamvu yake imamveka ngakhale m'bwato la injini, ndipo mayi amene ankatifotokozera anatiuza kuti amalinyero akale, odalira matanga okha, ankadikira kuti madzi ayambe kuphwera ndiponso mphepo iwombe bwino asanayese kutuluka. Mfundo imeneyi yokha inandithandiza kumvetsa chifukwa chake zombo zinkatsika kaye mpaka ku Belém n'kukadikira kumeneko.

Mphindi zoyamba bwato limayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa bwalo lalikulu la Praça do Comércio, ndipo apa mayiwo anachita bwino kutiuza mosabisa kuti zimene maso akuona si zimene amalinyero a nthawi ya Vasco da Gama, mtsogoleri wa zombo zoyamba za Apwitikizi kufika ku India, ankaona. Pamalo amenewa panali nyumba yachifumu ya Paço da Ribeira, imene Mfumu Manuel I inamanga m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pamodzi ndi Casa da Índia, likulu limene linkayang'anira malonda onse a tsabola, zonunkhiritsa chakudya ndi katundu wina wochokera kum'mawa. Chakumadzulo kwake kunali Ribeira das Naus, malo okhomerako zombo zikuluzikulu, amene lero ndi gombe lopumulirako anthu. Zonsezi zinawonongeka pa 1 Novembala 1755, pamene chivomezi chachikulu, mafunde aakulu amene anatsatira ndiponso moto woyaka masiku angapo zinagwetsa pakati pa mzinda, ndipo zikalata zambiri za maulendo akale zinapsera momwemo. Bwalo limene lilipo lero linamangidwa pambuyo pake motsogozedwa ndi nduna ya mfumu imene imadziwika kuti Marquês de Pombal. Ndinayamikira kuona mtima kotereku, chifukwa n'kosavuta kulozera mlendo nyumba yokongola n'kumusiya akuganiza kuti ndi ya m'zaka za m'ma 1500.

Kuchoka apa bwato limadutsa Cais do Sodré, madoko a Alcântara ndi pansi pa mlatho wofiira wa 25 de Abril, umene unatsegulidwa mu 1966 ndipo ndi wautali makilomita oposa awiri. Phokoso la magalimoto ndi sitima za pamtunda zodutsa pamwamba limameza mawu onse kwa kanthawi. Tsidya linalo, paphiri la ku Almada, pamaoneka chifanizo cha Cristo Rei cha mu 1959.

Mtima wa ulendowu uli ku Belém, ndipo woyendetsa bwato anachepetsa liwiro mokwanira kuti tione bwino zinthu zitatu zimene zili pafupipafupi. Choyamba kuoneka ndi chipilala cha Padrão dos Descobrimentos, chotalika mamita oposa 50, chomangidwa ngati kutsogolo kwa chombo, pamene paima zifanizo 33 za amalinyero, ansembe, ojambula mapu ndi anthu a banja lachifumu. Patsogolo pa onse pali Henrique, mwana wa Mfumu João I, atanyamula kachombo m'manja. Chipilalachi anachimanga moyang'ana kumadzi, choncho wokwera bwato amachiona bwino kuposa woyenda pansi. Kumbuyo kwake kumaoneka nyumba ya amonke ya Jerónimos, imene inayamba kumangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 ndi ndalama zochokera ku msonkho wa malonda a ku Africa ndi kum'mawa, ndipo m'tchalitchi chake muli manda a Vasco da Gama ndi a mlakatuli Luís de Camões. Chakumunsi pang'ono pali nsanja ya Torre de Belém, imene Francisco de Arruda anayamba kumanga mu 1514 kuti mizinga yake izithandizana ndi ya linga lina la tsidya lija potseka njira yolowera kudoko. Pakhoma lake lina anasemapo mutu wa chipembere, pokumbukira chipembere chamoyo chimene chinafika ku Lisbon kuchokera ku India mu 1515. Nsanjayi ndi nyumba ya amonke ija zinalembedwa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse wa UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 1983.

Pamene bwato linkazungulira kutsogolo kwa nsanjayi ndi pamene mayi aja anafotokoza mbali imene ndinaiona kukhala yopambana pa ulendo wonse, ya mmene amalinyerowo anaphunzirira njira. Anayamba ndi kuwongola maganizo amene ambiri ali nawo pa Henrique: iye sanayende nawo m'maulendo ofufuza magombe, koma ankapereka ndalama, zombo ndi chilolezo, ndipo maulendo oyambirirawo ambiri ankanyamukira ku Lagos, kummwera kwa Portugal, osati ku Lisbon. Apwitikizi atalanda mzinda wa Ceuta kumpoto kwa Africa mu 1415, anatenga zaka zambiri akutsika pang'onopang'ono ndi gombe la kumadzulo kwa Africa. Gil Eanes anadutsa Cape Bojador mu 1434, malo amene amalinyero ankawaopa kwambiri. Linga la Elmina, m'dziko limene lero ndi Ghana, linamangidwa mu 1482. Diogo Cão anafika pamathiriro a mtsinje wa Congo. Ndipo Bartolomeu Dias anazungulira nsonga ya kummwera kwa Africa mu 1488. Vuto lalikulu silinali kupita koma kubwerera, pakuti mphepo ndi madzi a m'mphepete mwa gombelo zimakankhira chombo kummwera. Anathana nalo m'njira ziwiri: anagwiritsa ntchito karavela, chombo chaching'ono cha matanga a ngodya zitatu chotha kuyenda mopingasa mphepo, ndiponso anazindikira kuti pobwerera n'kwanzeru kutalikira gombe, kulowa pakati penipeni pa nyanja chakumpoto cha kumadzulo mpaka kukapeza mphepo yowomba kuchokera kumadzulo imene inkawakankhira kwawo. Kusiya mtunda mwadala kuti ufike msanga kunkafuna luso lodziwa pamene uli poyeza kutalika kwa dzuwa ndi nyenyezi, ndipo pa ntchito imeneyi anathandizidwa ndi matebulo a katswiri wa zakuthambo wachiyuda, Abraham Zacuto.

Nzeru yomweyo ndi imene Vasco da Gama anagwiritsa ntchito atanyamuka pagombe la Restelo, pamalo amene bwato lathu linayandama, pa 8 Julayi 1497, ali ndi zombo zinayi ndi amuna pafupifupi 170. Atachoka kuzilumba za Cape Verde sanatsate gombe, koma anakhota kwambiri pakati pa nyanja ya Atlantic n'kukhala pafupifupi miyezi itatu osaona mtunda, kufikira atatulukira kufupi ndi nsonga ya kummwera kwa Africa mu Novembala. Pedro Álvares Cabral, amene ananyamuka pamalo omwewa mu Malichi 1500 ndi zombo 13, anakhota kwambiri kuposa apo mpaka anakafika kugombe la Brazil pa 22 Epulo. Mayiwo anafotokoza zonsezi mwaluso, akuloza kumathiriro a mtsinje kumene kachilinga ka Bugio kamaoneka patali pakati pa madzi, ndipo sanabise za imfa: amuna ambiri a da Gama anafa ndi matenda otupitsa nkhama obwera chifukwa chosowa vitamini C, chombo chimodzi anachita kuchiwotcha pobwerera chifukwa panalibe anthu okwanira kuchiyendetsa, ndipo amene anafikanso kwawo mu 1499 sanakwane n'komwe theka.

Apa ndi pamene kudandaula kwanga kwagona. Nkhani itangodutsa nsonga ya kummwera kwa Africa, kafotokozedwe kanasintha n'kukhala mndandanda wa mayina ndi masiku: chilumba cha Mozambique, Mombasa, Malindi, kenaka Calicut ku India pa 20 Meyi 1498. Mlendo wosadziwa mbiri akanatuluka m'bwatomo akuganiza kuti da Gama anatsegula njira panyanja yopanda anthu, pomwe nyanja ya Indian inali yodzaza ndi zombo kwa zaka mazana ambiri iye asanabadwe. Amalonda achiswahili, achiarabu, a ku Persia ndi a ku Gujarat ankadziwa kuti mphepo ya m'nyanjayi imawomba kuchokera kumpoto cha kum'mawa miyezi ina n'kutembenuka miyezi ina, ndipo ankakonza maulendo awo motsata kusinthaku. Mzinda wa Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, umene woyenda maulendo wotchuka Ibn Battuta anaufikira mu 1331, unali ndi mzikiti waukulu wamiyala, unkasula ndalama zakezake, ndipo unalemera ndi golide wochokera kumtunda kudzera padoko la Sofala. Da Gama anawoloka kuchoka ku Malindi kufika ku India pasanathe mwezi chifukwa mfumu ya ku Malindi inamupatsa mlinyero wodziwa njira ndi nyengo. Pobwerera ananyamuka nthawi yolakwika, mphepo ikumutsutsa, ndipo ulendo womwewo unamutengera pafupifupi miyezi itatu ndi miyoyo yambiri. Kusiyana kwa maulendo awiriwa ndi umboni wokwanira wa kumene luso la m'nyanja imeneyi linali, ndipo kukanangofuna mphindi ziwiri kuti kufotokozedwe.

Nkhanza zimene zinatsagana ndi maulendowa sizinatchulidwe ngakhale pang'ono. Da Gama anawombera mizinga pachilumba cha Mozambique pa ulendo woyamba womwewo, ndipo pa ulendo wake wachiwiri, mu 1502, anawotcha chombo chonyamula Asilamu mazana angapo ochokera ku Mecca, amayi ndi ana ali momwemo. Mu 1505 Francisco de Almeida analanda Kilwa n'kutentha Mombasa, ndipo chaka chomwecho Apwitikizi anayamba kumanga linga ku Sofala. Goa, ku India, inalandidwa mu 1510, ndipo Malacca, m'dziko limene lero ndi Malaysia, mu 1511. Nkhani ya ukapolo inangokhudzidwa m'chiganizo chimodzi, chonena kuti m'malonda a nthawiyo munalinso akapolo. Komatu zimenezi zinayamba limodzi ndi maulendo enieniwo: mu 1444 anthu pafupifupi 235 ogwidwa kugombe la Africa anagawidwa ku Lagos, Henrique ali pomwepo ndipo analandira gawo lake, monga analembera mlembi wa mbiri wa nthawiyo, Gomes Eanes de Zurara. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1500, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse okhala mu Lisbon anali kapolo, ndipo ambiri a iwo ankatsitsidwa pamagombe omwewa amene bwato limadutsa. Pa anthu oposa 12 miliyoni amene anakwezedwa m'zombo kuwoloka Atlantic pa zaka zonse za malonda oipawa, pafupifupi theka ananyamulidwa ndi zombo za Portugal ndi Brazil. Sindikupempha kuti ulendo wosangalatsa usanduke maliro, ndipo sindikupeputsa kulimba mtima kwa amalinyero aja. Ndikungonena kuti amene walipira ulendo wa mbiri ayenera kupatsidwa mbiri yonse, makamaka pamene malo enieni a zochitikazo ali pamaso pake.

Mwayi wina umene unatayika ndi wa chipilala chija. Anatiuza kuti chinamangidwa mu 1960 pokumbukira kuti patha zaka 500 Henrique atamwalira, ndiponso kuti choyamba chinali chongoyembekezera, cha chionetsero cha mu 1940, koma sanatiuze kuti zonsezi zinachitika mu ulamuliro wopondereza wa António de Oliveira Salazar, umene unkagwiritsa ntchito mbiri ya amalinyero podzilungamitsa kuti upitirize kulamulira maiko a ku Africa. Chaka chotsatira, mu 1961, nkhondo yomenyera ufulu inayamba ku Angola, ndipo ku Mozambique inayamba mu 1964. Mlatho umene tinadutsa pansi pake poyamba unkatchedwa dzina la Salazar, ndipo unasinthidwa dzina asilikali atagwetsa boma pa 25 Epulo 1974, makamaka chifukwa chotopa ndi nkhondo zimenezo. Angola ndi Mozambique zinalandira ufulu mu 1975. Chipilala ndi mlatho zimaoneka nthawi imodzi munthu ali pamadzi, ndipo kuzilumikiza kukanasonyeza chiyambi ndi mathero a nkhani imodzi. Mnzathu wina wa m'bwatomo atafunsa za ukapolo pambuyo pake, mayiwo anayankha mwaulemu ndiponso mozama, zimene zinandisonyeza kuti vuto si kusadziwa kwawo koma ndondomeko ya zokamba imene kampani inawakonzera.

Pobwerera bwato limawolokera kugombe la kummwera, ndipo mzinda wonse umaoneka pamapiri ake, ndi linga la São Jorge pamwamba. Mbali imeneyi ndi yachete ndipo zofotokoza n'zochepa. Chokhacho chofunika kutchula ndi chombo cha matanga chotchedwa Dom Fernando II e Glória, chimene chimasungidwa ku Cacilhas. Chinakhomedwa ku Daman ku India n'kulowa m'madzi mu 1843, chinali chombo chomaliza cha matanga cha asilikali a Portugal kuyenda njira ya ku India, ndipo chinapsa mu 1963 n'kudzakonzedwanso m'zaka za m'ma 1990. Tinangochiona patali, ndipo ndikanakonda kuti bwato liyandikire.

Pali zofooka zina zing'onozing'ono. Zokuzira mawu za pamwamba sizilimbana ndi mphepo, moti amene anakhala kumbuyo anaphonya zambiri. Mahedifoni akanathetsa vutoli. Popeza chilichonse chimanenedwa m'Chipwitikizi kenaka m'Chingerezi, nthawi zina chinthu chimene chikufotokozedwa chimakhala chitatsala kale m'mbuyo. M'bwatomo mulibe mapu aakulu osonyeza njira za amalinyero, chinthu chimene chikanathandiza kwambiri pofotokoza za kukhota pakati pa nyanja. Makwerero opita pamwamba ndi otsetsereka, choncho okalamba ndi oyenda pa njinga za olumala amakakamizika kukhala pansi, kumene magalasi amachepetsa kuona.

Ulendowu ndi woyenera ophunzira, aphunzitsi ndi aliyense wofuna kumvetsa mmene mphepo, madzi ndi maonekedwe a doko zinathandizira dziko laling'ono kufika kutali chotero. Pogula tikiti ndi bwino kufunsa ngati m'bwatomo mudzakhala munthu wofotokoza kapena mawu ojambulidwa chabe, chifukwa makampani amasiyana, ndipo munthu ndi amene angayankhe mafunso a zimene zasiyidwa. Ndi bwinonso kupewa maulendo a madzulo dzuwa likamalowa, amene kawirikawiri amakhala a nyimbo ndi zakumwa osati a mbiri, ndiponso kutenga chovala chofunda ngakhale kutacha bwino, pakuti mphepo ya ku Belém imazizira. Wokhala ndi tsiku lathunthu akwere bwato m'mawa, kenaka masana apite ku Belém pamtunda akalowe mu Museu de Marinha, nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja imene ili kumadzulo kwa nyumba ya amonke ija, kumene kuli zifanizo za zombo, mapu ndi zida zoyezera dzuwa ndi nyenyezi. Nyumba ya amonke ya Jerónimos imakhala yotseka Lolemba, choncho wofuna kuona manda a da Gama asankhe tsiku lina.